Kaundula wa ligi yathu pa njanji za ku England

Lolemba, 20 Okutobala 2025. London

Tatera ku Heathrow m'mawa kuli mitambo ndi kamphepo kobaya. Sitima ya Elizabeth line yatitula pa Paddington patatha pafupifupi theka la ola. Tikiti ya pepala siyofunika: mumagunditsa khadi la ku banki pa geti polowa, potuluka n'kugunditsanso khadi lomwelo. Mukalowa ndi khadi n'kutuluka ndi foni, makina amawerenga maulendo awiri osamalizika ndipo amakudulani mtengo wokwera kawiri konse.

Kuseri kwa siteshoni, m'mphepete mwa ngalande ya madzi, kuli Brunel Building momwe muli maofesi a Premier League. Mlendo alibe choona, ndi chinyumba cha maofesi basi. Tayambira pano dala, chifukwa katundu amene tanyamula ndi kaundula wa ligi ya anzathu ya Fantasy Premier League, masewera a pa intaneti omwe munthu amasankha osewera enieni a Premier League n'kumapeza mapointi malinga ndi mmene asewerera, ligi ya anthu omwazikana ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Johannesburg ndi konkuno. Mzinda uliwonse wa sabata ino uli ndi tsamba lake m'kaundulamo.

Mlembi wa ligi adziwe poyamba kuti eni masewerawa sakusungirani mbiri. Sizoni ikatha mu Meyi masamba amakhalapo masabata angapo, ndipo masewera a chaka chotsatira akamatsegulidwa, kawirikawiri mu Julayi, zonse zimasesedwa. Pa tsamba la munthu pamatsala mzere umodzi pa sizoni: chaka, mapointi onse, ndi nambala yomwe anathera pa dziko lonse. Amene anatsogola ligi yanu pa Khirisimasi, kaputeni amene anasankha pa Gameweek 20 (sabata ya masewero ya nambala 20), tsiku lomwe wa kumchira anagonjetsa katswiri, zonsezo zimapita ndi madzi. Nambala ya timu nayo imasintha chaka ndi chaka. Choncho kaundula atsate dzina la munthu, asatsate nambala kapena dzina la timu, lomwe ena amasintha ngati malaya.

Tsamba loyamba ndi la chiyambi, ndipo n'lalifupi. Mu 1962 Bill Winkenbach, mmodzi wa eni timu ya Oakland Raiders, analemba ndi anzake malamulo a masewera otere pa mpira wa ku America uja wonyamula m'manja, ndipo mu 1963 matimu 8 anasankha osewera koyamba. Kuno ku England Andrew Wainstein anayambitsa Fantasy League mu 1991, ya magulu a anzake ogulana osewera pa okishoni. Nyuzipepala zinatengera pambuyo. Fantasy Premier League inayamba sizoni ya 2002/03 ndi anthu osafika 100,000, pomwe mu 2022/23 anadutsa 11 miliyoni. Ndiye munthu akamadzitama kuti anathera pa nambala 50,000, mufunseni kaye chaka.

Lachiwiri, 21 Okutobala. Stamford Bridge

District line, kutsikira pa Fulham Broadway, kenako mphindi zisanu wapansi. Bwalo la Chelsea labisala pakati pa nyumba ndi mahotela, moti ukhoza kulipitirira osaliona.

Mayina awiri a pano ali m'kaundula aliyense wolembedwa bwino. Frank Lampard anapeza mapointi 284 mu 2009/10, sizoni yomwe anamwetsa zigoli 22 mu ligi. Cole Palmer anapeza 244 mu 2023/24 atayamba pa mtengo wa £5.0m. Mu Epulo 2024, pa bwalo lomweli, Chelsea inakwapula Everton 6-0 ndipo Palmer anamwetsa zinayi. Mlembi azitha kuwerengera yekha mapointi a tsiku lotere, osadalira zomwe wauzidwa pa WhatsApp: zigoli 4 za wosewera pakati, chilichonse mapointi 5, ndi 20, kusewera mphindi 60 kapena kuposa, 2, timu osagoletsedwa, 1, bonasi, 3. Zonse 26. Mapointi a kaputeni amawerengedwa kawiri, ndiye amene anamupatsa ukaputeni anatenga 52, ndipo wa Triple Captain, chip (mwayi wapadera wa sabata imodzi) yowawerengera katatu, 78.

Apa mpomwe makaundula ambiri amayamba kunama. Wina amalemba kuti mapointi ochuluka pa sabata imodzi ndi akuti, osalemba kuti sabatayo matimu ena anasewera kawiri, kapena kuti mwiniwake anali ndi chip ya Bench Boost yowerengera osewera onse 15, ndi a pa benchi omwe. Tsamba la rekodi ya sabata ligawidwe panayi: sabata wamba popanda chip, sabata wamba ndi chip, sabata ya masewero awiri popanda chip, sabata ya masewero awiri ndi chip. Mukaziphatikiza, rekodi imangokhala ya amene anasunga Bench Boost mpaka Epulo, ndipo mkangano wake sutha.

Mzere wa munthu pa Gameweek iliyonse ukhale ndi madanga awa: mapointi a sabata, mapointi odulidwa chifukwa chosintha osewera mopyola, otsala akadulidwa, kaputeni ndi zomwe anabweretsa, mapointi otsala pa benchi, chip, ndi chiwerengero cha osewera osinthidwa. Danga lachiwiri ndi lomwe limaiwalika. Kusintha kulikonse kopyola kwaulere kumadya mapointi 4, koma nambala yomwe imaoneka pa tsamba la sabata ndi yosadulidwa. Kudulako kumaonekera pa chiwonkhetso. Munthu wa mapointi 80 amene wasintha awiri mopyola ali ndi 72, ndipo wa 75 amene sanasinthe wamuposa. Mphoto ya sabata ikaperekedwa poyang'ana 80 uja, mwabera munthu.

Lachitatu, 22 Okutobala. Leicester

Sitima ya East Midlands Railway kuchokera pa St Pancras imatenga ola limodzi ndi timphindi. Tikiti ya Advance, yogula pasadakhale, ndi yotsika mtengo koma ndi ya sitima imodzi yokhayo. Mukaiphonya mumagula ina. Kuchokera pa siteshoni kupita ku King Power Stadium ndi mphindi 20 kapena 25 wapansi. Panja pali chiboliboli cha Vichai Srivaddhanaprabha, mwini timu amene anamwalira pa ngozi ya helikopita pompano pa 27 Okutobala 2018. Mu 2025 timuyi inatsika kupita mu Championship, ligi yachiwiri, ndiye m'masewera athu a 2025/26 mulibe wosewera wa Leicester ndi mmodzi yemwe.

Tsamba la Leicester ndi la mitengo. Mu 2015/16 timu ya Claudio Ranieri inatenga ligi ndi mapointi 81. Riyad Mahrez anayamba pa £5.5m n'kumaliza ndi mapointi 240. Jamie Vardy anayamba pa £6.0m, anamwetsa zigoli 24, ndipo anagoletsa m'masewero 11 otsatizana, la 11 likhala lolimbana ndi Manchester United kumapeto kwa Novembala 2015. Amene anawagula msanga anatsala ndi ndalama zogulira ena odula. Amene anazengereza anawagula atakwera kale.

Mtengo wa timu anthu amaulemba molakwika chifukwa pali mitengo iwiri. Wosewera akakwera, pogulitsa mumalandira theka la phindu lokha, ndipo kotsalira kosakwana £0.1m kamatayidwa. Mwagula pa 5.5, wafika pa 6.0: phindu ndi 0.5, theka lake 0.25, mumalandira 0.2, ndiye mumagulitsa pa 5.7. Akatsika mtengo, kutsikako n'kwanu konse. Kaundula asankhe mtengo umodzi, wa pamsika kapena wogulitsira, awonjezere ndalama ya ku banki, alembe pamwamba pa tsamba kuti wasankha uti. Ife timalemba wa pamsika, chifukwa wogulitsira amauona ndi mwini timu yekha.

Sizoni yomweyo ndi malire m'kaundula, chifukwa ndi yomwe kunabwera Triple Captain, Bench Boost ndi All Out Attack, yolola kuchepetsa otchinga kumbuyo. Yomalizayi inachotsedwa mu 2017/18, malo ake n'kutenga Free Hit, yolola kusintha timu yonse kwa sabata imodzi yokha. Jambulani mzere wokhuthala pakati pa 2014/15 ndi 2015/16. Mapointi a kumtunda kwa mzerewo anapezedwa ndi Wildcard yokha, yolola kusintha osewera mopanda malire osadulidwa mapointi.

Lachinayi, 23 Okutobala. Sheffield

Ola lina pa njanji chakumpoto. Sheffield ndi mzinda wa zitunda, nsapato zikhale zabwino. Bramall Lane ili mphindi 15 kuchokera pa siteshoni. Inatsegulidwa mu 1855 ngati bwalo la cricket, ndipo mumzinda womwewu mu 1857 munabadwa Sheffield FC, timu yakale kuposa zonse zomwe zidakalipo.

John Lundstram ndiye watibweretsa. Mu 2019/20 analembedwa ngati wotchinga kumbuyo wa £4.0m pomwe m'bwalo ankasewera pakati. Chigoli chake chinkalipira mapointi 6 m'malo mwa 5, timu ikapanda kugoletsedwa ankatenga 4 m'malo mwa 1. Pa 2 Novembala 2019 anamwetsa ziwiri pomwe Sheffield United inagonjetsa Burnley 3-0: 12, kuwonjeza 4, kuwonjeza 2, kuwonjeza bonasi 3, zonse 21. Ambiri tsiku limenelo anali atamusiya pa benchi, n'chifukwa chake danga la benchi lili ndi rekodi yakeyake, yowawa kuposa zonse. Chaka chotsatira anamusamutsira kwa osewera pakati. Lembani malo a wosewera monga analili chaka chimenecho, apo ayi wodzawerenga mtsogolo adzaona ngati mlembi anasokoneza masamu.

Sizoni imeneyo ndi mutu wopweteka kwa mlembi. Mpira unaima mu Malichi 2020 chifukwa cha COVID-19, n'kuyambiranso pa 17 Juni, ndipo unatha pa 26 Julayi. Masabata omaliza anatchedwa 30+ mpaka 38+, koma mu mafailo a kompyuta ali ndi manambala 39 mpaka 47. Amene akokera manambalawo mu Excel osayang'ana amapeza sizoni ya masabata 47, ndipo avareji ya aliyense imagwa. Gawani ndi 38. Mpira usanayambirenso aliyense analoledwa kusintha osewera mmene angafunire, choncho rekodi ya wosintha kwambiri isawerengere sabata imeneyo.

Masewero oyamba atayambiranso anali a Aston Villa ndi Sheffield United. Mpira wa Oliver Norwood unadutsa mzere uli m'manja mwa goloboyi, koma makina a pagolo sanalize wotchi ya oyimbira. Anathera 0-0. Otchinga a Villa anatenga mapointi awo 4 ngakhale dziko lonse linaona chigoli. M'kaundula mumalowa zomwe masewera apereka. Dandaulo lilembedwe m'munsi mwa tsamba ndi pensulo.

Lachisanu, 24 Okutobala. Manchester

Njanji yochoka ku Sheffield imadutsa m'chigwa cha Hope Valley, nkhosa ndi mipanda ya miyala mbali zonse, ulendo wosakwana ola pa sitima yothamanga. Foni imaduka m'mapanga, ndipo lero zimenezo si nkhani yaing'ono. Gameweek 9 ikuyamba usiku uno ndi Leeds ndi West Ham nthawi ya 20:00. Khomo losinthira timu limatsekedwa mphindi 90 masewero oyamba asanayambe, kutanthauza 18:30 kuno, 19:30 ku Malawi ndi ku Johannesburg. Konzani timu musanakwere sitima, ndipo mukasintha kaputeni dinani posunga. Amene anazolowera Loweruka amagwa ndi masewero a Lachisanu.

National Football Museum ili pafupi ndi siteshoni ya Victoria. Inasamukira kuno kuchokera ku Preston mu 2012. Madzulo takwera tramu ya Metrolink mpaka Etihad Campus. Erling Haaland anamwetsa zigoli 36 mu 2022/23, rekodi ya Premier League, atayamba pa £11.5m, koma mapointi ake anali 272. Chigoli cha wakutsogolo chimalipira 4 basi, ndipo timu ikapanda kugoletsedwa iye sapezapo kanthu. Mu 2024/25 anayamba pa £15.0m.

Sizoni ya 2022/23 ili ndi misampha iwiri. Mfumukazi Elizabeth II itamwalira pa 8 Seputembala 2022, masewero onse a Gameweek 7 anaimitsidwa, ndiye m'kaundula muli sabata yopanda mapointi. Ikani nyenyezi pamenepo, isalowe mu rekodi ya sabata yoipitsitsa. Kenako, itatha Gameweek 16, ligi inapumira World Cup ya ku Qatar ndipo kusintha kunali kwaulere kopanda malire.

Poti lero ndi tsiku lokolola manambala, nayi njira yake. Pa keyala ya masewerawa, mukawonjezera /api/leagues-classic/ kenako nambala ya ligi ndi /standings/, mumapeza mndandanda wa ligi. Umabwera anthu 50 pa tsamba. Ligi ya anthu 60 ili ndi tsamba lachiwiri lomwe ambiri amalisiya. Mmenemo muli nambala ya timu ya aliyense. Ndi nambalayo, /api/entry/, nambala, /history/ imakupatsani masabata onse, mapointi odulidwa, a pa benchi ndi ma chip. Kaputeni mulibemo: amapezeka pa /api/entry/, nambala, /event/, nambala ya sabata, /picks/, tsamba limodzi pa munthu pa sabata. Ligi ya anthu 20 ndi masamba 760 pa sizoni, ndiye kololani sabata ndi sabata, musadikire Meyi. Komanso musakolole masewero ali mkati. Bonasi isanatsimikizidwe imasuntha, wopereka mpira wa chigoli amatha kusinthidwa, ndipo a pa benchi amalowa m'malo mwa amene sanasewere pokhapokha sabata yonse ikatha. Dikirani masewero omaliza, mugone, mukolole m'mawa. Sungani pawiri, pa Google Sheets ndi pa pepala. Zithunzi za pa WhatsApp zimapita limodzi ndi foni.

Loweruka, 25 Okutobala. Liverpool

Kuchokera ku Manchester kupita ku Lime Street ndi ulendo wosakwana ola. Basi nambala 17 yochoka pa Queen Square imakusiyani pa Anfield. Timu ili ku Brentford lero, ndiye misewu ya njerwa zofiira yozungulira bwalo ili zii, kupatula alendo ojambula zithunzi za osewera zopentedwa pa makoma.

Tsamba la rekodi zazikulu n'la pano. Luis Suárez, 295 mu 2013/14, ataphonya masewero asanu oyamba chifukwa cha chilango. Mohamed Salah, 303 mu 2017/18, atayamba pa £9.0m, ndi zigoli 32. Pa 17 Malichi 2018 anamwetsa zinayi n'kupereka mpira wa chigoli chimodzi pomwe Watford inagwa 5-0, mapointi 29. Andrew Robertson, wotchinga kumbuyo, 213 mu 2018/19. Ndiye Salah yemweyo, 344 mu 2024/25, ndi zigoli 29.

Manambala amenewa amaoneka oyerekezeka, koma malamulo pansi pake akhala akusuntha. Mu 2024/25 kusintha kwaulere kunayamba kusungika mpaka 5, pomwe kale kunkathera pa 2. Chigoli cha goloboyi chinakwera kufika pa 10. Kunabweranso chip ya Assistant Manager yomwe inakhala sizoni imodzi yokha. Mu 2025/26 wotchinga kumbuyo akafikitsa ntchito 10 zoteteza pa masewero amodzi, monga kuchotsa mpira, kutchinga, kulanda ndi kudula mapasi, amapeza mapointi 2. Wapakati ndi wakutsogolo amafunika 12, kuwerengera ndi mipira yotola. Chip iliyonse ilipo kawiri, ndipo zoyamba zimafa zikapanda kugwiritsidwa ntchito pofika Gameweek 19. Kuwonjezera apo pali kusintha kwaulere kowonjezera mu Disembala 2025 chifukwa cha AFCON ya ku Morocco. Mapointi a 2025/26 adzatupa ngati mtanda, ndipo wina adzaimirira mu Meyi kunena kuti waphwanya rekodi ya ligi.

Mankhwala ake ndi danga limodzi lowonjezera. Pambali pa mapointi a katswiri wa chaka chilichonse lembani avareji ya ligi yonse chaka chimenecho ndi kusiyana kwake. Wa 2,300 pa chaka chomwe anzake anali pa 2,050 anachita zazikulu kuposa wa 2,500 pa chaka cha 2,400. Amene anasiya kusewera pakati pa sizoni achotsedwe pa avareji. Ife timachotsa aliyense amene wakhala masabata 10 otsatizana osasintha wosewera kapena kaputeni. Lamulo lake likhale lolembedwa sizoni isanayambe. Pamwamba pa tsamba la sizoni iliyonse pakhalenso mizere isanu yonena malamulo a chaka chimenecho.

Kufanana mapointi nako kuli ndi malamulo ake, ndipo anthu amawasakaniza. Mu ligi ya Classic, yongowonkhetsa mapointi, awiri akafanana amatsogola amene wasintha osewera ochepa, osawerengera zosintha za Wildcard ndi Free Hit. Mu Head-to-Head, yolimbana awiriawiri sabata iliyonse, kupambana ndi mapointi 3, kufanana 1, ndipo ofanana pa mndandanda amalekanitsidwa ndi mapointi onse a masewera. Anthu akakhala osakwana awiriawiri, wotsala amalimbana ndi timu ya AVERAGE, yomwe mapointi ake ndi avareji ya sabatayo, ndipo kugonja kwa iyo kulembedwe monga kugonja kwina kulikonse. Mu chikho amayang'ana zigoli zomwe osewera anu amwetsa, kenako zomwe agoletsedwa, zikafananabe kompyuta imachita mayere. Katswiri amene anapambana chifukwa chosintha pang'ono alembedwe ndi manambala onse awiri, kuti wachiwiriyo asadzakane patapita zaka zitatu.

Lamulungu, 26 Okutobala. London

Usiku wapitawu mawotchi a kuno abwerera m'mbuyo ndi ola limodzi. Malawi sasintha nthawi, ndiye kuyambira lero mpaka Lamulungu lomaliza la Malichi kusiyana ndi maola awiri. Masewero a 12:30 Loweruka khomo lake limatsekedwa 11:00 kuno. Sabata yatha imeneyo inali 12:00 ku Lilongwe, tsopano ndi 13:00. Kusintha kwa Okutobala sikupweteka munthu, chifukwa wolakwitsa amafika msanga. Kwa Malichi n'komwe kumaluma: wozolowera 13:00 amapeza khomo latsekedwa ola lapitalo.

Sitima ya ku Euston imatenga maola awiri ndi kotala masiku wamba, koma Lamulungu onani kaye ngati sakukonza njanji. Tatsikira pa Holborn kupita ku Great Queen Street, pamalo pomwe panali Freemasons' Tavern. Pa 26 Okutobala 1863, zaka 162 lero, nthumwi za matimu zinakhala pansi pamenepa n'kukhazikitsa Football Association, ndipo m'misonkhano yotsatira zinalemba malamulo a mpira m'buku.

Tsamba lomwe latsala ndi la ndalama, ndipo talidzaza tili pa benchi ya ku Lincoln's Inn Fields. Zopereka za ku Malawi zimabwera pa Airtel Money ndi Mpamba, za ku Johannesburg ndi ma rand, za kuno ndi mapaundi. Chilichonse chilembedwe ndi tsiku lake, ndalama yake yeniyeni, ndi mtengo wosinthira wa tsikulo. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti mphoto yomwe inalonjezedwa mu Ogasiti 2023 sinali yomweyo pofika Meyi 2024. Gwirizanani mu Ogasiti kuti mphoto idzaperekedwa mu ndalama iti, ndi kuti ndalama yotumizira adzalipira ndani. Msungichuma akhale munthu wina, osati mlembi.

Masewero omaliza a Gameweek 9 akutha madzulo ano. Manambala ake tikolola mawa m'mawa tisanakwere sitima ya ku Heathrow.